Gulu 4: vidiyo ndi pulojekiti yomaliza, tigwirizane lero

Nabanda: Mwaswera bwanji nonse. Ndangochoka kumene kwa a supavaiza nde ndati ndilembe pompano ndisanaiwale. Nkhani zilipo ziwiri. Vidiyo ya gulu ikufunika pakatha masabata atatu, isapitirire mphindi 5, ndipo aliyense aoneke kapena amveke akufotokoza gawo lake. Inayo ndi proposal ya pulojekiti yomaliza, akuti tipereke sabata yomweyo ndipo mutu ukangovomerezedwa basi sitisinthanso mpaka chaka chithe. Chonde lero tisagone tisanagwirizane, semesita yatha tinatha mwezi wathunthu tikungokokanakokana.

Aphiri: Taswera bwino mayi, kaya inu. Ine ndilipo, ndangoweruka kumene, ana ndawabalalitsa.

Wa ku Chipoka: ine mutu ndinabwera nawo kalekale amwene, app ya AI yoti ukajambula nsomba ikuuze kuti iyi ndi mtundu wanji. nyanja yathuyi ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse padziko, nde tangoganizani tsiku la presentation kungoloza foni pa nsomba dzina nkutuluka, magulu enawo angoti kukamwa yasa

Nachisale: Maganizo ndi okoma koma zithunzi zophunzitsira model yo, pulogalamu yozindikira nsombayo, uzitenga kuti?

Wa ku Chipoka: tijambula tokha, gombe tili nalo pafupi

Aphiri: Mphwanga ndikufunse bwinobwino, osati kukugwetsa ulesi ayi. Model yozindikira zithunzi imafuna zithunzi mazanamazana pa mtundu umodzi wokha, ndipo chilichonse pakhale munthu wodziwa walembapo kuti ichi ndi chakuti. Mbuna zija, nsomba za m'miyala, zimasiyana pang'ono kwambiri, ngakhale akatswiri amatsutsana. Ndiye laputopu yanga ili ndi RAM ya 4GB, yako sindikudziwa. Ukati tigwiritse Google Colab, makompyuta a Google ogwiritsa ntchito kudzera pa intaneti, ndiye kuti intaneti isaduke kwa maola angapo, ine kuno ku Khombedza netiweki ndimaipeza bwino ndikaima kuseri kwa kalasi. Tidzafika mwezi womaliza tili ndi zithunzi zokhazokha popanda chinthu chogwira ntchito.

Mwana wa Msodzi: Ndimafuna ndingowerenga kaye koma apa ndiyankhule. Bambo anga akhala pa nyanja kuyambira ndisanabadwe, nsomba amaidziwa ngakhale usiku pongoikhudza, sangatulutse foni kuti iwauze kuti uyu ndi kampango. Amayi ogula nawonso chimodzimodzi. Nde app imeneyo aigwiritse ndani? Mwina azungu obwera kudzasambira ku Senga Bay. Vuto lomwe ine ndimaliona mmawa ulionse ndi lina. Maboti a kauni amapita usiku ndi nyali, amabwera mbandakucha, tsiku lina usipa wafa wambiri mpaka thandala kuchepa, tsiku lina mwera waomba palibe ndi boti limodzi lomwe lalowa. Mayi amanyamuka ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 100, ndalama ya minibasi wachita kukongola ku banki mkhonde, kufika pa gombe kupeza kulibe kanthu pomwe ku Lifuwu kapena ku Chipoka kwanu komweko nsomba zafa mpaka mtengo kugwa. Amabwerera chimanjamanja kapena kugona pa gombe kudikira mawa. Msodzi nayenso sadziwa kuti anzake gombe linalo akugulitsa bwanji chigoba, amangomvera macheucheu. Ine ndikanakonda tipange chinthu choti munthu adziwe asanakwere galimoto kuti lero kwakuti kuli usipa ndipo chigoba cha malita 5 chili pa mtengo wakuti.

Nabanda: Eeeh apa nde pamveka. Pitiriza achimwene.

Wa ku Chipoka: chabwino nde ikhale app ya Android yokhala ndi map

Mwana wa Msodzi: Ayi aise, pita pa gombe ukaone mafoni omwe ali m'manja mwa anthu, ambiri ndi a mabatani. Amene ali ndi smartphone bandulo yake imakhala ya WhatsApp yokha.

Nachisale: USSD. Zomwe zija timapanga tikamayimba *211# ya Airtel Money kapena *444# ya Mpamba. Siifuna bandulo, siifuna kuika app, imayenda pa foni iliyonse bola netiweki yoyimbira ilipo, ndipo chachikulu anthu anaizolowera kale chifukwa amatumiza ndalama tsiku ndi tsiku, sitidzavutika kuwaphunzitsa. Ndinaiyesa holide yapitayi pa sandbox, malo oyeserera, ya Africa's Talking, kampani yolumikiza mapulogalamu ku USSD, ndi yaulere ndipo ali ndi simulator yooneka ngati foni. Mmene imayendera ndi chonchi, munthu akayimba code iwo amatumiza ku server yako sessionId, nambala ya foni ndi zomwe wasankha, zimabwera ngati 1*2*1, iwe nkuyankha ndi mawu oyamba ndi CON ngati menyu ikupitirira kapena END ngati zathera pomwepo. Basi. Ndi zida zolembera mapulogalamu monga PHP kapena Flask zimatheka, ine ndinagwiritsa Flask ndi ngrok kuti laputopu yanga ioneke pa intaneti. Chovuta ndi chakuti tsamba limodzi silipitirira zilembo 182 ndipo munthu akachedwa kuyankha session imaduka, nde menyu ikhale yaifupi, masitepe atatu mtengo watuluka.

Wa ku Chipoka: koma zimenezo sizophweka kwambiri? a supavaiza sadzati ndi za chaka choyamba?

Aphiri: Zophweka poziona kunja. Tandiyankha izi: mtengowo aulowetsa ndani, ndipo tidziwa bwanji kuti sakunama? Munthu wofuna kukopa ogula angathe kulemba mtengo wotsika dala kuti anthu akhamukire kwawo. Wina angathe kulemba kuti gombe la anzake kulibe nsomba. Pamenepo pokha pali ntchito ya semesita yonse.

Mwana wa Msodzi: Zoona madala. Gombe lililonse lili ndi BVC, komiti ija yoyang'anira za usodzi. Tingapemphe anthu atatu pa gombe, wa komiti mmodzi, msodzi mmodzi, mayi wogula mmodzi, manambala awo okha ndi omwe aziloledwa kulowetsa mtengo. Ena onse azingowerenga.

Nachisale: Ndipo tisatenge average, titenge median. Awiri akalemba mitengo yoyandikana wachitatu nkulemba yakutali, average imakokedwa koma median imakhala pakati pomwepo. Komanso mtengo ulionse uzikhala ndi nthawi yomwe walembedwa, chifukwa wa 6 koloko mmawa si wa 10 koloko, usipa ukayamba kufewa mtengo umasintha. Ukadutsa maola angapo system iziti palibe mtengo watsopano, kusiyana nkuonetsa wadzulo munthu nkutaya ndalama ya ulendo chifukwa cha ife. Ma table ndawaona kale m'mutu, gombe, nsomba, olemba, mitengo. Pa nsomba tisiyanitse usipa wauwisi, wouma ndi wofutsa chifukwa mitengo yake siifanana.

Wa ku Chipoka: ok ndagonja, koma nde tionjezere kulipira pa Mpamba kuti munthu azigula asanafike, komanso za nyengo, ichenjeze mwera ukamabwera

Nabanda: Za ndalama ayi ndakaniratu. Ndalama za anthu sitingaziseweretse pa pulojekiti ya sukulu, ndipo mapepala ake ndi makampani a mafoni angatidyere chaka chonse. Tidzalemba kumapeto kwa lipoti kuti ndi zoti ena adzapitirize.

Mwana wa Msodzi: Za mwera zo zandikhudza kwambiri chifukwa ine ndinaonapo anthu akudikira pa gombe masiku awiri boti osabwera, si zinthu zoti munthu nkuiwala. Koma ndaganiza ndipo ndikuti tisaike. Tiyerekeze server yathu yagona chifukwa magetsi athima, uthenga wadzulo woti nyanja ili bata ukuonekabe, munthu wakhulupirira walowa. Mtengo ukalakwika munthu amataya ndalama, chenjezo likalakwika munthu sabwerera. Zimenezo azilengeza a nthambi yoona zanyengo pa wailesi monga amachitira, ife mphamvu yoti chinthu chiziyenda usana ndi usiku osaduka tilibe.

Aphiri: Wayankhula ngati wamkulu mphwanga. Ndavomereza.

Wa ku Chipoka: ndamva. nde tigawane ntchito, ine ndi Mwana wa Msodzi code, madala database, chemwali Nachisale alembe lipoti ndi kuyankhula mu vidiyo poti Chingerezi chawo nchabwino, a Nabanda aziyang'anira

Nachisale: Ayi achimwene, pamenepo nde sindilola ndipo ndiyankhula momveka kuti tisadzakhumudwitsane kutsogolo. Chaka chatha gulu lomwe ndinali anandipatsa ntchito yomweyo, kutaipa lipoti, kukonza ma slide, kusunga ndalama ya printing. Anyamata atatu anakhala pa laputopu imodzi ine ndikungomva kuti zikuyenda. Tsiku la presentation a lekichala anandiloza ine kuti fotokoza function iyi ikuchita chiyani, ndinangoti njo, sindinaionepo nkamodzi komwe. Ndinalira pobwerera kunyumba, osati chifukwa cha malikisi koma chifukwa fizi amandilipirira ndi mayi anga ogulitsa mpunga pa Kamuzu Road kuti ndiphunzire kupanga mapulogalamu, osati kutaipira anthu. USSD yo ndaibweretsa ndine, ndaiyesa ndine, nde mundipatse lipoti? Menyu ndi logic yake ndigwira ine. Lipoti aliyense alembe chaputala cha gawo lake.

Nabanda: Ndili nawe mchemwali, ndipo inenso sindikhala woyang'anira chabe, ndikufuna testing ndi tsamba la admin.

Wa ku Chipoka: pepani chemwali sindinaganize bwino, ndinangotengera mmene timachitira nthawi zonse. tengani menyu yo, ine nditenga gawo la median ndi kutaya mitengo yokayikitsa, ndi editing ya vidiyo poti CapCut ndimaitha

Nachisale: Zikomo, zatha.

Aphiri: Poti tafika pa kugawana, chonde tiyambe ndi GitHub, malo osungira code pa intaneti, lero lomwe. Semesita yatha ntchito yonse ya gulu lathu inali pa fulashi imodzi, ndinapita nayo kokapulinta m'tauni, pobwera mafoda onse asanduka ma shortcut, kachilombo kaja. Ina tinaipeza, ina tinayambiranso usiku umodzi. Komanso zija zotumizirana pa WhatsApp mafayilo a final, final2, final yeniyeni, mapeto ake palibe wodziwa kuti yolondola ndi iti. Git, yomwe GitHub imagwiritsa ntchito, imasunga kusintha kulikonse ndi dzina la amene wasintha, ndipo ubwino wake commit, kusunga zomwe wasintha, umapanga ngakhale opanda intaneti, umangofuna netiweki pochita push, kuzitumiza ku GitHub, ndipo code ndi mawu chabe siidya bandulo. A supavaiza akadzafunsa kuti wachita chiyani ndani, tidzangotsegula history.

Nabanda: Repo, foda yathu ya pa GitHub, ndatsegula, ikhala private, nditumizireni ma username ku inbox. Koma mavidiyo musaike mmenemo, GitHub imakana fayilo yoposa 100MB. Amenewo tiika pa Google Drive. Komanso API key, kiyi yachinsinsi yolowera ku Africa's Talking, isalowe mu repo chonde, iikeni mu fayilo ya .env ndipo .env ikhale mu .gitignore, mndandanda wa mafayilo omwe Git siwatenga.

Nabanda: Tsopano vidiyo. Ine maganizo anga ndi oti tisapange zinthu ziwiri zosiyana. Ulendo womwe tikafunse anthu pa gombe zomwe akufuna, womwewo tikajambule. Zomwe akanene zilowa mu chaputala cha requirements, zithunzi zilowa mu vidiyo. Mphindi imodzi ndi theka gombe ndi anthu ake, mphindi ziwiri Nachisale akuonetsa menyu pa simulator, zotsalazo enafe mmene system imangidwire ndi ndondomeko ya miyezi ikubwerayi.

Wa ku Chipoka: screen tijambula ndi OBS Studio ndi yaulere. koma chomwe chimapha mavidiyo a kunyanja ndi mphepo amwene, ndinajambulapo ukwati ku gombe mawu onse anangokhala phuuu phuuu. tipange chonchi, foni imodzi ijambule chithunzi ina ijambule mawu okha ili pafupi ndi pakamwa pa woyankhula, maiki ya ma earphone tiikulunge ndi kasiponji kapena sokosi yoyera, poyamba wina aombe m'manja kamodzi kuti pa editing ndidzalumikize mosavuta. phokoso lotsala ndichepetsa mu Audacity. ndipo foni muzigwira chogona osati choimirira chonde

Mwana wa Msodzi: Uonjezere za dzuwa. Kuno nyanja ili kummawa, dzuwa limatulukira pamadzi penipeni. Ukajambula munthu mmawa iwe utayang'ana kunyanja nkhope yake imangoda bii, umangoona chithunzithunzi. Wojambula apereke msana kunyanja, woyankhula ayang'ane kumadzi, kumbuyo kwake kuzioneka thandala. Maboti akamafika pokhapo nde tingajambule moyang'ana dzuwa, zimakongola.

Aphiri: Nanga kukula kwa fayilo? Ine bandulo yanga ndi ya mphunzitsi.

Wa ku Chipoka: pa gombe tijambula 1080p, mphindi imodzi imatha kupitirira 100MB nde chotsanitu zinthu mu foni, ndidzakopera ndi chingwe pomwepo osatumizirana. yomaliza ndidzaipanikiza ndi HandBrake ifike 720p, pa 2 Mbps mphindi 5 ndi 75MB chabe kuphatikiza mawu pang'ono. mukamanditumizira kanthu pa WhatsApp tumizani ngati document, mukatumiza ngati vidiyo imaifinya mpaka zilembo za pa screen osawerengeka

Mwana wa Msodzi: Chinthu china chofunika kuposa makamera. Sitingangofika nkuyamba kuloza anthu mafoni. Anthu a kwathu anatopa ndi obwera kudzajambula nkumapita osabweranso, ena amaganiza kuti mukukapemphera ndalama nkhope zawo, ena amaopa kuti ndinu a fisheries mwabwera kudzaona maukonde. Tiyambe kwa amfumu, kenako apampando a BVC, ine ndipita ndi bambo Lachinayi kukapereka moni. Aliyense tisanamujambule timuuze kuti ndi za sukulu, aziona ndani, ndipo akakana basi tamusiya. Mmawa pa gombe pamakhala amayi akuchapa ndi kusamba, ana ali maliseche, kamera isaloze kumeneko ngakhale mwangozi. Komanso ku Senga Bay kuli malo a asilikali, tikamadutsa mafoni akhale m'thumba.

Nachisale: Ndipo manambala a foni a anthu omwe tidzasunge mu database ndi nkhaninso, pano kuli lamulo la Data Protection Act la 2024, tilembe mu proposal kuti tikusunga chiyani, chifukwa chiyani, ndipo tidzafufuta liti. A ongowerenga mitengo tisasunge nkomwe, tilibe nawo ntchito. Pa vidiyo nambala yeniyeni isaoneke, tigwiritse yongopeka ya simulator.

Nabanda: Kalata yochokera kusukulu ndikatenga mawa, ndi fomu ya chilolezo ndiimasulira m'Chichewa.

Aphiri: Mwatchula Chichewa mwandikumbutsa. Vidiyoyi ikhala m'chiyankhulo chanji? Ine zimandiwawa kuona mayi wodziwa ntchito yake bwinobwino akukakamizidwa Chingerezi nkumaoneka ngati sadziwa kanthu. Ayankhule Chichewa, wofuna Chiyao kapena Chitonga ayankhule, ife tiike mawu a Chingerezi m'munsi. Ndipo tikamaliza tikawaonetse iwowo asanaone a lekichala.

Wa ku Chipoka: koma malikisi madala, paja pali gawo la communication

Nabanda: Ifeyo magawo athu tiyankhula Chingerezi monga mwa malamulo a kosi, anthu a pa gombe chiyankhulo chawo. Ndikawafunsa a supavaiza mawa kuti zikhale zolembedwa. Koma menyu ya USSD yokha ikhala Chichewa, pamenepo palibe zokambirana.

Nachisale: Eya koma tisamale ndi ŵ wa kadenga uja. Mulibe mu zilembo za GSM zomwe mafoni amagwiritsa ntchito pa SMS ndi USSD, ukangomuika kamodzi uthenga wonse umasintha encoding, SMS imatsika kuchoka pa zilembo 160 kufika 70, USSD nayonso imatsika kwambiri. Tilemba w wamba. Ndipo mawu a menyu tikawayese kwa amayi omwewo, mwina ife tilemba gombe iwo amati doko.

Mwana wa Msodzi: Pa ndondomeko ya miyezi muikepo izi, November ndi December boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane, ndipo ku chilumba cha Mbenji amatseka mwa mwambo wawo kuyambira December mpaka April. Testing ndi anthu enieni isagwere nthawi imeneyo, tichite mvula isanayambe.

Wa ku Dwangwa: Abale pepani kwambiri ndangowerenga zonse pano. Ndikudziwa ndasowa masabata awiri ndipo mwina mumaganiza zondichotsa. Mayi anagonekedwa m'chipatala ku Nkhotakota ndipo wowadikirira ndine ndekha, mlongo wanga ali ndi khanda, foni ndimachajitsa pa shopu kunja kwa geti. Sindikupempha kuti mungondilemba dzina ayi, ndipatseni ntchito yoti ndingathe ndili kuno.

Nabanda: Pepani achimwene, tikanadziwa. Ndinene zoona ndinali nditakhumudwa chifukwa ndinaimba kangapo osayankha, uthenga umodzi wokha ukanatithandiza. Mayi akupeza bwanji?

Wa ku Dwangwa: Ayamba kudya pang'ono, akuti mwina atituluka sabata ya mawa. Ndalakwa posanena, manyazi anandigwira.

Aphiri: Mulungu awakhudze mayi. Ntchito ilipo yokukwana mphwanga. Ma subtitle ndi fayilo ya .srt, ndi mawu ndi nthawi chabe, ungalembe ngakhale pa foni, ndipo Chitonga pagulu pano umachimva ndiwe wekha. Komanso uli pafupi ndi Chia, ukapeza mpata ufunse amayi ogulitsa chambo pamsewu paja kuti iwo mtengo amaudziwa bwanji ndipo amayeza ndi chiyani, chifukwa chambo sagulitsa pa chigoba ngati usipa, table ya Nachisale iyenera kudziwa zimenezo.

Nachisale: Eee zoona, ndiye kuti pakufunika column ya muyezo, chigoba, mulu, imodziimodzi. Ndinali nditaiphonya. Koma achimwene a ku Dwangwa pa code musathawe, mukabwera tidzakhala limodzi mutenge gawo lolembetsa olowetsa mitengo.

Wa ku Dwangwa: Ndavomera chemwali. Gawo langa la vidiyo ndijambula konkuno ndi foni, nditumiza ngati document monga wanenera mnzathu.

Nabanda: Nde Loweruka tikumane pa Kamuzu Road 4:30 mmawa kuti 5 koloko ikamakwana tikhale tili panjira ya ku Senga Bay. Aliyense foni yodzaza moto, pawabanki amene ali nayo abweretse. Aphiri mugona m'tauni Lachisanu?

Aphiri: Ndigona kwa mlamu wanga, palibe vuto.

Mwana wa Msodzi: Dikirani kaye, ndangowafunsa bambo. Akuti Loweruka likubwerali mwezi ukhala ukuwala usiku wonse, usipa subwera ku nyali mwezi ukamawala nde maboti ambiri a kauni sapita, tikapeza thandala lili mbee. Akuti tidikire mdima, Loweruka linalo kapena pakati pa sabata yake.

Wa ku Chipoka: aaa nde editing nditsala ndi sabata imodzi yokha

Nabanda: Ikwana tikakonzeka. Loweruka lino tikumane kusukulu tijambule za screen ndi magawo athu, Nachisale menyu ikhale itayamba kuyenda pa simulator, kugombe tipita linalo. Ndipo za mwezizo zilowe mu lipoti, masiku amenewo system izidzaonetsa kuti palibe mtengo, a supavaiza asadzaganize kuti yafa.

Nachisale: Ndayamba kale, ndipanga push usiku uno magetsi akapanda kuthima. Wa ku Chipoka username yako sinafikebe kwa a Nabanda.

Wa ku Chipoka: ndikutumiza pompano, ndinaiwala password